Chipinda Chimene Mkamwini Salowa

Loweruka lapitali tinasonkhana kumanda kukumbukira kuti patha chaka chiikireni apongozi anga, Anambewe. Abusa analalikira, amayi anaimba, kenako alamu anga a Lenadi anawerenga mbiri imene analemba ali ku Blantyre. M'mbirimo munali mayi wofatsa, wosayankha anthu, wokonda kumwetulira. Ine ndinayang'anitsitsa dzina pamtanda, kuti mwina taima pamanda a munthu wina. Anambewe sanali ofatsa. Pakamwa pawo panali pa tsabola wa kambuzi, ndipo ine, amene anthu kuno amati ndimayaka ngati udzu wa mu Okutobala, ndinakhala nawo bwalo limodzi zaka zambirimbiri osakhalapo nawo pamkeka umodzi. Ndiye lekani nanenso ndilembe zimene ndikudziwa.

Ndine mkamwini. Kwathu ndi kwa Makhuwira, tsidya lija la Shire, koma nditakwatira mwana wawo Esinati ndinamanga kanyumba kanga m'bwalo lawo, kufupi ndi boma la Chikwawa. Masiku ano akamwini amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo, mpaka kujambulitsa atagwirana mapewa. Anambewe zimenezo nkhabe, sankafuna n'kuzimva komwe. Mwambo wothawana anaugwira monga ng'ona igwirira mbuzi. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kutchire, ine kwinako. Dzina langa sanalitchulepo, ndinali "a kwa Makhuwira" basi. Ndipo sankalankhula ndi ine. Ankalankhula ndi nkhuku.

"Iwe nkhuku, kawauze a kwa Makhuwira kuti mbuzi yawo ikadyanso nkhwani wanga, ndiwo ya mawa ndi yomweyo."

Ine ndili pomwepo, ndikupopa njinga. Ndinaphunzira kuyankha momwemo. "Nkhuku iwauze kuti mpanda wawo ndi wa bango lowola, ngakhale mwana wa bakha akhoza kuugwetsa."

Nkhuku za pabwalo limenelo zinamva milandu yambiri kuposa khoti la paboma. Zotsala tinadya pamaliro.

Za makina zinayamba chonchi. Anambewe ankagulitsa milamba youma pamsika, ndipo tsiku lina m'chilimwe anagwa pakati pa malichero awo. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, asamapse ndi kutentha. Kuuza munthu wa ku Chikwawa zimenezo kuli ngati kuuza mvuu kuti isamaponde matope. A Lenadi, mwana wawo wamwamuna yekhayo, anatsika ndi galimoto kudzawatenga. Mayi anakana. Ankati ku Blantyre nkhalamba amaitsekera kuseri kwa geti ngati nkhuku yachizungu, kuidyetsa, kuiyang'ana, kudikira tsiku lake. Anakokana mpaka a Lenadi anabwera ndi amisiri, kuboola khoma la kuchipinda, kupachika eyakoni: chibokosi choyera m'kati chouzira mphepo yozizira, china chachikulu panja chokhala ndi fani. Ndiye anaika pangano pamaso pa abusa. Makinawa akamagwira ntchito, mayi akhala pakhomo pawo. Tsiku limene adzaime, mayi akwera phiri kupita ku Blantyre, popanda kukambirananso. Anambewe anavomera. Kuyambira pamenepo, kukhala kwawo pamudzi kunapachikika pakhoma limodzi ndi chibokosicho.

Makinawo sanawakonde ngakhale pang'ono. Ankati mphepo yake imalowa m'mawondo ngati singano, ndipo ankawatchula kuti mlonda wa Lenadi. Akayatsa, amavala juzi, kufunda chitenje kumutu, kukhala pabedi atakwinya nkhope ngati munthu wodikira jakisoni. A Lenadi akaimba foni, asanafunse n'komwe kuti mwadzuka bwanji, amati, "Mayi, ndimve." Mayi amakweza foni m'mwamba kufupi ndi chibokosi kuti mwana wawo amve kulira kwake. Akatero amati, "Wamva? M'bale wakoyu ali bwino. Tsopano funsa za ine."

Amene anapanga makina amenewa sanafikeko kuno. Kuno mvula ikangosiya, dziko limauluka. Kamvuluvulu amanyamula mchenga wa m'mitsinje youma n'kudzauthira m'mbale uli pakati pa kudya. Mathirakitala a nzimbe akadutsa, fumbi limaima m'mwamba mpaka madzulo. Zonsezo makina amameza. Ndiye panafunika munthu wowatsuka, ndipo munthuyo ndinali ine, chifukwa ndinaonerako anyamata akutsuka a m'maofesi pamene ndinkagwira ntchito kuesiteti ya nzimbe. Vuto linali limodzi. Chibokosi chakunja ndikhoza kuchigwira mmene ndingafunire. Cham'kati chinali kuchipinda kwa apongozi, kumene mkamwini saponda ngakhale nyumba ikupsa.

Tinapeza njira yathu. Ine ndimaima panja kuuza nkhuku zochita. Iwo amazimitsa pakhoma, kugubuduza mtondo, kuuvundikira, kukwerapo, kutukula chivundikiro cha chibokosi, kusolola masefa awiri aja amene amagwira fumbi. Amawaika pazenera, kubwerera m'kati, n'kutsokomola. Kutsokomolako ndiye kuti tengani. Ine kutsuka ndi sopo pang'ono, kuyanika pamthunzi chifukwa padzuwa la kuno pulasitiki imapindika, kubwezera pazenera, nanenso kutsokomola. Nditawauza kuti madzi a pamjigo pathu ndi amchere, akhoza kudya zitsulo, anayamba kutchera madzi a mvula m'dramu, kulimanga ndi chisaka pamwamba. Madzi amenewo anali a makina okha. Tsiku lina ndinatungamo kapu kuti ndimwe. Nkhuku inatumidwa kudzandifunsa ngati nanenso ndayamba kuchita dzimbiri.

Chaka china ndinaona kuti chibokosi chakunja chikutsekeka msanga. Kumbuyo kwake kuli timizere tachitsulo topyapyala ngati mano a chipeso, ndipo ndikapesa ndi mswachi sumatuluka mchenga wokha, mumatulukanso mankhusu a mapira. Ndinadabwa. Mankhusu akwera bwanji pakhoma? Tsiku lina ndinabwerera kunyumba masana nditaiwala pampu. Ndinapeza makina akubangula, chitseko chili pululu, Anambewe ataima kutsogolo kwa fani, lichero lili m'mwamba, akukhuthula mapira pang'onopang'ono pamkeka. Mphepo ya fani ikuulutsa mankhusu, mbewu ikugwa yoyera. Kumbuyo kwawo kunali anzawo a kutchalitchi, Anachisale, atasenza dengu lawo, akudikira nthawi yawo ngati pachigayo.

Ndinayaka. Njinga ndinaiponya pansi.

"Nkhuku iwafunse apongozi ngati makinawa anagulidwa kuti azipetera mudzi wonse!"

Iwo osatembenuka n'komwe. "Nkhuku iwafunse a kwa Makhuwira ngati mphepo ili ndi mwini wake. Mulungu watimana mphepo mwezi wonse. Iyi ikungotayika pabwalo. Tiisiye?"

"Chimene chikuuzira kutsogolo chimachikokanso kumbuyo! Mankhusu onsewa akulowa m'kati!"

"A kwa Makhuwira anapita kusekondale kukaphunzira kukalipira amayi."

"Nkhuku iwauze kuti akupeta ulendo wawo wa ku Blantyre!"

Pamenepo lichero linatsika. Anachisale anatembenuka ndi dengu lawo n'kumapita ngati aitanidwa. Sabata yonse nkhuku sizinatumidwe kanthu. Kodi anasiya? Ayi ndithu. Anangophunzira nthawi imene ndimachoka pakhomo ndi nthawi imene ndimabwera.

Pamsika ankadziwika ndi khalidwe lomwelo. Munthu akanunkhiza mlamba wawo n'kuubwezera, amamuuza kuti alipire fungo limene watenga. Akanenerera mtengo kwambiri, amamulozera njira ya kumtsinje kuti ng'ona zikamupatse yaulere. Koma mayi amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala akadutsa, amamuitana mokalipa, kumukulungira nsomba m'pepala, kumuthamangitsa asanathokoze. Ankati kuthokozedwa kumatupitsa munthu ngati mowa wa dzulo. Ankatinso mlendo woyamikira ndiwo ndiye amene akufuna kugona.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Esinati anatisiya makinawa asanabwere, ndipo tinalibe mwana wokhalitsa. Mwamwambo, achibale anayenera kukhala pansi kundisudzula kuti ndibwerere kwathu. Atabwera, Anambewe anauza nkhuku, mokweza kuti onse amve, kuti munthu sasudzulidwa mapira ali m'munda. Titakolola, anati thonje lisanathyoledwe. Thonje litathyoledwa, anati denga likudontha. Achibale anatopa n'kusiya. Sanandiuzepo kuti khalani, inenso sindinanenepo kuti ndikhala. Madzulo iwo amadyera pakhonde lawo atayang'ana kumadzulo, ine palanga nditayang'ana kum'mawa, ndipo phokoso la pabwalo lonse limakhala la masipuni awiri.

Tsopano nkhani imene ndimafuna kuti a Lenadi aiwerenge kumanda kuja.

Chilimwe china masefa anasiya kuoneka pazenera. Ndikafunsa, nkhuku imabwera ndi yankho lakuti ndi oyera. Zoona zake zinali zakuti mawondo anali atakana, pamtondo sankathanso kukwerapo, ndipo anabisa. Ine ndili kwanga ndimamva makina akulira ngati ng'ombe yachifuwa, kuima, kuyambanso. Kenako m'mawa wina anangoti zii. Nthawi yomweyo n'kuti a Lenadi ataimba kuti akutsika kumapeto kwa sabata.

Ndinatsuka chakunja mpaka chinawala. Mchenga wa pansi pake ndinachotsa ndi sipuni, timizere ndinatipesa motsatira mzere kuti tisapindike, ndinathira madzi a m'dramu pang'onopang'ono ndi kheni yothirira kudimba. Atayatsa, makina anakoka mpweya pang'ono n'kufanso. Matenda anali m'kati.

Ndinati tiitane amisiri. Anati amisiri aja ndi makutu a Lenadi, asanafike pamsewu foni ikhala italira ku Blantyre. Tinayesa Anachisale. Mayi amenewo ndi aafupi, ndipo magetsi amawaopa kuposa njoka. Anakwera pamtondo akupemphera, kukoka malo olakwika, kuthyola kachingwe ka pulasitiki, kutsika msangamsanga.

Ndinati, "Nkhuku iwauze kuti ndikulowa basi. Mwambo sudzawaziziritsa."

Yankho linachokera kuseri kwa chitseko, mawu otsika amene sindinawazolowere. "Nkhuku iwauze kuti akaponda kuchipinda kwanga ine ndili moyo, mawa ndikwera ndekha minibasi ya ku Blantyre. Nyumba imene mkamwini walowa kuchipinda si yanganso."

Ndiye taonani. Ndikapanda kulowa, akupita. Ndikalowa, akupita. Ndinamenya chidebe ndi phazi mpaka chinakagwera kukhola, kutenga njinga, kumapita kudimba ndikutukwana mwambo, makina, ndi amene anawapanga. Ndinalima ngati ndikumenyana ndi nthaka.

Nditabwerera dzuwa litapendeka, ndinaima pachipata. Nyumba yonse inali panja. Bedi lili pansi pa mtengo wa nimu, matiresi atatsamira mpanda, sutikesi yachitsulo, beseni, nsapato za kutchalitchi, zitenje zonse zimene zimakhala pachingwe, ngakhale kalilole wosweka. Nkhalamba ziwiri, imodzi ya mawondo ofa, zinakoka zonsezo padzuwa la Okutobala. Anachisale anali gone pamkeka, chitenje chonyowa chili pamphumi. Anambewe anakhala kuseri kwa nyumba, atandifulatira, akupuma movutika moti mapewa amakwera n'kutsika.

"Iwe nkhuku," anatero, mawu akudukaduka, "kawauze a kwa Makhuwira kuti nyumba ino ilibe chipinda chogona. Muli nkhokwe. M'nkhokwe mkamwini amalowa."

Ndinasuzumira. Pakati pa chipinda anaikapo thumba la mapira, khasu, ndi dengu la mbewu ya nyemba, kuti pasakhale wonena kuti akunama.

Ndinavula nsapato n'kulowa. Kachipinda kake kanali kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira zaka zonsezo. Pansi anali atasesa, mizere ya tsache ikuoneka. Pakhoma, kuchokera pachibokosi mpaka pansi, panali mzere wakuda wa madzi amene anakhala akudontha kwa masabata, ndipo pansi pake simenti inali itadyeka pamene ankatchera mbale. Nditaima pamene pamakhala mutu wa bedi, ndinaona kuti zenera likuyang'ana khomo langa ndendende. Sindinaimepo nthawi yaitali. Ndinali ndi ntchito.

Nditatukula chivundikiro, fumbi linandigwera kumaso. Masefa anali ngati chikopa cha mbuzi, ulusi wake osaoneka. Kuseri kwake, timizere tinali titamatidwa ndi matope ouma. Kangalande kamene kamalandira madzi kanali kodzaza mchenga, mungadzalemo mbatata. Ndinapesa ndi mswachi wonyowa mzere ndi mzere, kukokolola mchenga ndi sipuni, kupukuta ndi kansalu, thukuta likulowa m'maso. Kapaipi kotulutsira madzi panja kanali kotsekeka. Ndinalumikiza pampu ya njinga, kumanga ndi mphira, kupopa. Poyamba kanakana. Nditakankha ndi mkwiyo wonse wa tsikulo, ndinamva phu, kenako kukuwa panja. Matope onse anakathera pamiyendo ya Anachisale, amene anali atadzuka kudzaonerera.

"Akamwini inu, mwandilavulira!"

"Si ine, mayi, ndi mlonda wa Lenadi."

Masefa atauma ndinawabwezera, kumanga pothyoka paja ndi kawaya, kuyatsa. Makina anakhosomola, kutulutsa kafungo ka dothi lonyowa, kenako mphepo yozizira inanditsikira m'khosi. Panja fani inayamba kuzungulira bwinobwino, mosalira chifuwa.

Kuseri kwa nyumba ndinamva liwu limodzi, la Chisena cha amayi awo.

"Takhuta."

Sanatume nkhuku. Pa zaka zonse zimene ndinakhala pabwalo limenelo, liwu lothokoza limeneli ndi lokhalo limene linabwera kwa ine molunjika. Pomwepo anayambiranso. "Nkhuku iwauze atuluke msanga. Nkhokwe yanga ikufunika kusanduka chipinda dzuwa lisanalowe." Bedi anandilola kulinyamula mpaka pakhomo pokha. Kuchokera pamenepo analikoka okha ndi Anachisale, ine nditaima panja manja ali m'chiuno, ndikumva miyendo yake ikukwekwereza pasimenti.

A Lenadi atafika anapeza chipinda chozizira ngati mufiriji, mayi awo atakhala pabedi ndi juzi. Anagwira chibokosi, kuyang'ana kuseri, kusowa cholakwika, kubwerera. Kuyambira chaka chimenecho, fumbi likachuluka chipinda chimasanduka nkhokwe kwa tsiku limodzi. Anachisale ankadandaula kuti msana wawo watha chifukwa cha mwambo wa eni ake, koma tsikulo likafika amalawirira okha. Tinapulumutsa zilimwe zingapo mwa njira imeneyo.

Chimene chinawachotsa pakhomo si makina. Anaterereka kubafa m'nyengo yozizira n'kuthyoka fupa la m'chiuno. A Lenadi anatsika tsiku lomwelo, ndipo nditaona akulongedza sutikesi ndinadziwa kuti si ulendo wa kuchipatala wokha. Ndinapempha Anachisale alowe akayatse eyakoni. Inalira bwinobwino, mu Juni, anthu atavala majekete.

"Alamu, mukumva? Akugwira ntchito. Pangano linali lotani?"

"Alamu, mayi athyoka. Musandiuze za makina."

"Akachira muwabweza?"

"Adzakhala ndi ndani kuno?"

"Akhala ndi ndani zaka zonsezi?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Inuyo mungawasambitse? Mungawatembenuze pabedi? Ngakhale kuchipinda kwawo simulowa. Pakhomo pano ndinu ndani kwenikweni, alamu?"

Ndikanawamenya. Anachisale anandigwira malaya. Koma ndinene mosabisa, funso lawo linalibe bodza, ndipo mwana amene mayi ake agona pansi akubuula sungamuweruze ngati wakuba. Anawanyamula pamatiresi kuwalowetsa kumbuyo kwa galimoto. Podutsa pamene ndinaima, Anambewe anakoka chitenje kuphimba nkhope, monga mwambo unenera, ngakhale ululu unali utawagwira. M'kati mwa chitenjemo ndinamva akuuza nkhuku kuti ndisalole munthu kutunga m'dramu, mvula ili kutali. Galimoto inatembenuka. Kuno sanapondenso. Anamwalira ku Blantyre kutentha kusanabwerere.

Titachoka kumanda Loweruka lija, a Lenadi anabwera ndi amisiri awo kudzamasula eyakoni, akuti ikagwira ntchito kunyumba kwawo. Anandiuzanso mwaulemu kuti achibale akhala pansi mwezi wamawa kuti andimasule. Ndinangoti ndamva.

Katundu yense achibale anagawana, ndipo chitseko cha kuchipinda anachichotsa kuti akakhomere kukhitchini kwa mphwawo wina wa Anambewe. Ukaima pakhonde umaona mpaka kukhoma la kumbuyo. Pamene panali chibokosi patsala chigamba cha laimu woyera, makona anayi, ndi mabowo a misomali. Pakona pake pali dzenje lalikulu ngati chibakera, lotulukira panja, limene amisiri sanavutike kulitseka. Kunja kwatsala zitsulo ziwiri zotuluka pakhoma ngati manja opempha. Masana dzuwa limalowa padzenjepo n'kugwa pasimenti ngati kambale, kuyenda pang'onopang'ono mpaka kukwera khoma linalo. Mavu ayamba kale kumanga m'mphepete mwake. Mphepo ikawomba kuchokera kumtsinje, dzenjelo limaliza kamluzu kotsika, ndipo pansi pake pakukula kamulu ka mchenga, kosalala, kosapondedwa ndi phazi la munthu.